Dzanja Limene a Makutu Sadamalize Kuyeza

A Makutu sankagulitsa kapu kwa munthu amene sadamugwire dzanja. Limenelo lidali lamulo lawo, ndipo adapita nalo kumanda osalithyola. Ukafika pa shedi yawo ya malata ija, kumathero kwa msewu wathu, n'kuloza kapu imene yakudolola pa thabwa, iwo sankatembenuka n'komwe kuti aone chimene ukulozacho. Ankangoimitsa gudumu lawo loumbira ndi chidendene, kupukuta dongo pa epuloni, n'kutambasula mkono.

"Tabweretsani kuno."

"Chiyani, bambo?"

"Dzanjalo. Kodi inu mumamwera phazi?"

Akaligwira, ndiye kuti ulendo wako wafera pomwepo. Ankalitembenuza uku ndi uku, kupinda chala chilichonse, kudina pachikhatho, atatsinzina ngati munthu amene akumvetsera wailesi ya kwa aneba. Kenaka mafunso. Mumamwa tiyi mutakhala pansi kapena choimirira? Mumamwa mukuwerenga kapena mukukalipira ana? Ukayankha zonsezo, ankakuuza kuti makapu ali pathabwawo ali ndi eni ake kale, yako ubwerere mwezi wa mawa.

Chogwirira cha kapu sankachitcha chogwirira ngati anthu ena onse. Ankati ndi khutu. "Kapu yopanda khutu ndi mwana wosamva," ankatero, "ukamuitana sabwera." Dzina lidachokera pamenepo, ndipo lenileni lija lidangotsala pa chitupa.

Papita nyengo tsopano chitisiyireni mkuluyu. Timasekabe tikawakumbukira, inde, koma kuseka kwake sikufika patali, chifukwa aliyense wodziwa nkhani ya a Makutu amadziwanso kuti mumsewu monse muno mudali munthu mmodzi yekha amene sadamwerepo m'kapu yawo iwo ali moyo. Munthuyo adali akazi awo.

Tinkawatcha mayi a Ng'anjo, poti ng'anjo yowotchera makapu idali yawo. Amuna awo ankaumba, iwo ankawotcha. Ndiwo ankawaza nkhuni, kusanja makapu osapsa m'ng'anjomo, kumata pakhomo pake ndi matope, n'kukhala tsiku lonse akusonkhezera moto mpaka nsidze zawo zidaiwala kumera. Kapu iliyonse ya mumsewu uno idadutsa m'manja mwawo ikadali yofunda, iwo n'kuipukuta bwinobwino, n'kuipereka kwa mwini wake. Akatha apo ankakakhala pakhonde n'kumwa tiyi wawo m'kapu yachitsulo yosupuka penti, imene adabwera nayo kuchokera kwa makolo awo. Zinkawawawa, ndipo sankabisa. Ankafuna kapu imodzi yokha, youmbidwa ndi amuna awo, yokhala ndi khutu loyezedwa pa dzanja lawo. Sadapemphepo china choposa pamenepo.

Musaganize kuti amuna awo sankawayeza ayi. Misala yeniyeni idali pamenepa. Wogula ankayezedwa kamodzi, kwatha. Mayi a Ng'anjo ankayezedwa m'mawa uliwonse umene Mulungu adalenga. Akangolowa m'shedi ndi ndowa ya madzi, a Makutu ankatsokomola pang'ono, katsokomolidwe ka munthu amene alibe chifuwa.

"Mwana wa apongozi, tabweretsani dzanjalo. Lero ndi lero."

Mayiwo ankatula ndowa, kupukuta dzanja pa diresi, n'kulipereka. A Makutu ankaligwira nthawi yaitali kuposa la wogula aliyense. Kenaka ankapukusa mutu mwachisoni.

"Ayi, lasintha."

"Lasintha chiyani? Si lomwe lija la dzulo ili?"

"Dzulo mudawaza nkhuni, latupa. Ndikapanga khutu lero, likaphwa mudzati ndakupangirani la munthu wina."

Mawa lake lidali litafota ndi mphepo. Nthawi ya mvula lidali litafewa. Pamene mayiwo adali oyembekezera mwana wawo wamkazi, yemwe adali mmodzi yekhayo, a Makutu adati dzanja la anthu awiri sangaliyeze, kungakhale kumubera winayo.

"Musathamange magazi," ankatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yanuyo idafa kalekale, abambo. Chatsala ndi chigoba."

Mayiwo ankanyamuka akung'ung'udza, koma sankapita patali. Ankakonda kuima kuseri kwa mulu wa nkhuni n'kumaonerera ntchito ikuyamba, chifukwa pa gudumu munthu uja adali wina. Gudumulo adawapangira ndi mlamu wawo wokonza njinga, mlongo wamng'ono wa mayi a Ng'anjo, kuchokera ku zitsulo za galimoto yakufa ndi chimwala cha simenti chopalasa ndi phazi. A Makutu ankakanda dongo mpaka mpweya wonse utuluke, kulimenyetsa pakati pa gudumu, kuviika manja m'ndowa, n'kuyamba kupalasa. Dongo linkayamba ndi makani, kugwedera uku ndi uku ngati chidakwa. Iwo ankangolitsekera m'zikhatho, zigongono zili m'ntchafu, mpaka lidekhe. Zala zazikulu zinkaboola pakati, zinazo n'kumakweza khoma pang'onopang'ono, ndipo pamalo pamene padali chibuma pankaima kapu. Ankaidula pansi ndi waya n'kuiika pa thabwa kuti igone, ilimbe ngati sopo.

Ikalimba choncho, osati isanalimbe, osatinso itauma, ndi pamene inkalandira khutu. Ankatenga dongo lina longa karoti wamkulu, kulinyamula m'mwamba ndi dzanja limodzi, linalo n'kumalikoka chotsitsa lili lonyowa, ndendende ngati akukama ng'ombe. Apa sankalola munthu kuwayankhula. Ankati akukumbukira dzanja la mwini kapuyo, ndipo ukawasokoneza ubwerenso adzakuyezenso.

Zambiri zimene msewu uno umasimba zidachitika mayi a Ng'anjo ali pomwepo.

Adalipo tsiku limene adabwera bambo wogulitsa nyama uja, wa dzanja longa fosholo. A Makutu adaligwira ndi manja awiri, kulizungulira ngati akuyendera munda.

"Apa pafunika khutu la njovu," adatero.

Ndipo adapangadi la njovu, khutu lalikulu kuposa kapu yake yomwe. Patapita masiku, wogulitsa nyama adabwera akufuka utsi.

"Bambo Makutu, kapu yanu ija ikakhala yopanda kanthu ikugwa yokha!"

"Nanga inu mukuisiyiranji yopanda kanthu? Adakuuzani ndani kuti kapu ndi duwa?"

Adalipo pamene adafika mayi wa tiyirumu ya pamphambano, munthu wachangu, woyankhula akuyenda.

"Ndikufuna makapu odzaza thabwa lonseli."

"Omwera ndani?"

"Makasitomala. Aliyense wobwera."

"Aliyense ameneyo sindimudziwa. Mubwere naye ndimuone dzanja."

"Koma bambo inu, mutu wanu ukuyenda bwinobwino?"

"Ukuyenda, mayi. Wangosiyana njira ndi wanu."

Mayiyo adachoka akulumbira kuti sadzapondanso pamenepo. Koma nkhani itafika kwa omwa tiyi ake, alonda, madalaivala ndi onyamula katundu, iwowo ndi amene adauma mutu kuti akufuna kuyezedwa. Tsiku lina tidangoona mzere wa abambo ukutsika msewu, aliyense akupukuta dzanja pa buluku, mayi wa tiyirumu ali patsogolo nkhope ili gwa. Kuyambira pamenepo m'tiyirumu muja aliyense adali ndi msomali wake ndi kapu yake, ndipo kumwera m'kapu ya mnzako udali mlandu waukulu kuposa kumuponda chala.

Adalipo ngakhale tsiku la mlaliki wa pamsika. Iyeyu adamva kuti kumathero kwa msewu kuli mkulu wina wowerenga tsogolo la anthu m'zikhatho, ndiye adabwera kudzadzudzula. Adangoti chala loo kumaso kwa a Makutu, mawu asanatuluke n'komwe, dzanja lidali litagwidwa kale.

"Ha! Cholozerachi ndiye champhamvu, chikuoneka kuti sichipuma. Zinazi n'zaulesi. Inu khutu lanu likhala lolowa chala chimodzi."

Mlalikiyo adachoka ataiwala chimene adabwerera, ndipo mwezi wotsatira adadzatenga kapu yake.

Mayi a Ng'anjo ankaseka nafe, mpaka misozi. Koma kuseka kukatha, iwo ndi amene ankapukuta kapu ya mlalikiyo, munthu amene adabwera kudzatukwana amuna awo, n'kumupatsa ndi manja awiri. Zaka zidapita chomwecho. Tsitsi lidachita imvi, msana udayamba kudandaula, kapu yachitsulo ija idabooka pansi, mlongo wawo n'kuimata, n'kubookanso pena.

Chimene chidadula chingwe adali mdzukulu. Mwana wawo uja adakwatiwa kutali, ndipo adabwera kudzaonetsa khanda lake loyamba. A Makutu adagwira kadzanja kaja ndi zala ziwiri, kamodzi kokha, ndipo alendowo asanabwerere kwawo, m'ng'anjo mudatuluka kakapu kokhala ndi kakhutu ngati ka mbewa. Aliyense adati n'kokongola. Mayi a Ng'anjo adakapukuta, adakakulunga m'nsalu, adaperekeza ana awo ku basi. Pobwera sadalowe m'nyumba. Adalunjika ku shedi.

"Abambo, imitsani gudumulo."

Lidaima.

"Mwana wabadwa dzana, mano alibe, dzanja lake likukula tsiku ndi tsiku, koma mwamupangira. Ine ndakalambira pakhomo pano. Tandiuzani zoona lero. Ndi zipserazi? Ndi ming'aluyi? Mumaona kuti dzanja lowaza nkhuni lingakuipitsireni kapu yanu?"

"Ayi, mayi, si choncho."

"Nanga n'chotani?"

Munthu wa pakamwa posatopa uja, amene adagonjetsa mlaliki ndi mayi wa tiyirumu, adangoyang'ana m'ndowa ngati yankho lamira m'menemo.

"Chabwino," adatero mayiwo. "Kuyambira lero dzanja ili musaligwirenso. Ndatopa kuyezedwa ngati nsalu yosagulidwa."

Ndipo adachitadi zimenezo, chifukwa mayi aja akanena, anena. Ndowa ankaisiya pakhomo pa shedi. A Makutu akatsokomola, iwo ankangodutsa manja ali kumbuyo. M'nyumba ankayankhulana ndithu, za nkhuni, za mchere, za denga lodontha, koma za dzanja zidatsekedwa.

Ntchito idayamba kuonetsa yokha. Makutu a makapu amene sadalakwikepo adayamba kutuluka m'ng'anjo atang'ambika polumikizira, ena atapendama ngati a galu wodzudzulidwa. Wokonza njinga adaona kuti zafika poipa, ndipo adabwera kudzakhala pa chitsa chowazira nkhuni.

"Achemwali, alamu aja apatseni dzanjalo. Msewu wonse uyamba kumwera m'zitini."

"Iwe zikukukhudza pati?"

"Munthu uja akuwonda."

"Ukawauze kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine ndanena kale."

Mumtima mwawo adali kudikira kuti tsiku lina amuna awo abwere ndi kapu m'manja, nkhani ithere pomwepo. Ankaganiza kuti nthawi ilipo. Tonse timaganiza choncho.

Katsokomolidwe kaja kadasintha. Sikadalinso koitanira munthu. Kankachokera pansi penipeni, n'kuwasiya a Makutu atagwira mzati wa shedi, akusaka mpweya. Kuchipatala adati fumbi la dongo la zaka zonsezo lakhazikika m'chifuwa, ndipo mtima watopa kukankha. Miyendo idatupa mpaka nsapato zidakana. Gudumu lidaima, dongo m'mgolo lidayamba kung'ambika pamwamba.

Mayi a Ng'anjo adadwazika amuna awo monga mmene ankasamalira moto, osachokapo. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa mankhwala, kuwasisita mapazi otupawo. Manja awo adali pa thupi la amuna awo tsiku lonse. Koma a Makutu sadanenepo kuti tabweretsani dzanjalo, poti adaletsedwa, ndipo mayiwo sadalipereke, poti sadapemphedwe. Koma abale, anthu akuluakulu awiri m'kachipinda kamodzi, makani ali pakati ngati mlendo wosatsazika.

Tsiku lina masana, dzuwa litapendeka, a Makutu adadzuka maso ali gwa.

"Itanani alamu."

Wokonza njinga adabwera manja ali mafuta okhaokha.

"Alamu, ndinyamuleni mukandikhazike pa gudumu. Inu mukhala miyendo, ine manja."

"Koma adokotala adati..."

"Adokotala ali ndi kapu yawo kale. Tiyeni."

Adawanyamula ngati mwana, kuwakhazika pa mpando, kuwachirikiza ndi pilo kumsana. Wokonza njinga adakanda dongo monga adauzidwira, adakhala chammbali n'kuyamba kupalasa chimwala chija. Koma munthu wa njinga ndi wa njinga. Adapalasa ngati akutsika phiri, dongo lidauluka n'kukamumata pachipumi kuti phwa!

"Alamu! Sitikuthawa apolisi pano!"

Adaseka onse awiri, a Makutu mpaka chifuwa chidawatsamwitsa. Mayi a Ng'anjo, amene adaima pakhomo, adaseka nawo uku mtima ukuwawa, chifukwa adadziwa kuti kuseka kumeneko m'shedimo sikudzamvekanso.

Kachiwiri gudumu lidayenda mofatsa. Manja aja ankanjenjemera akakhala m'malere, koma atangokhudza dongo adadekha. Khoma lidakwera mochedwa, a Makutu akupumira pakati, thukuta likugwera m'kapu momwemo. Idali kapu wamba, yosatalika, yotakasuka pang'ono pamimba. Adaidula ndi waya, koma kuinyamula adalephera, ndipo mlamu wawo ndi amene adaiika pa thabwa.

"Imeneyi ndi ya ndani, alamu?"

"Ya mwini wake."

Sadayang'ane kukhomo, komanso padalibe wofunika kuuzidwa.

"Muifunditse chiguduli chonyowa, isaume msanga. Mawa ilimba. Mawa tiika khutu."

Mawa lake sadathe ngakhale kukhala tsonga. Adagona chagada m'kachipinda kawo kaja, zenera lili lotsegula kuti mpweya uzilowa, panja ana a sukulu akudutsa ndi phokoso lawo. Mayi a Ng'anjo adakhala pampando pambali pa bedi, akupinda ndi kupindanso thaulo lomwelomwelo.

"Mwana wa apongozi," adatero a Makutu chapansipansi. "Ndikudziwa kuti mudaletsa."

Mayiwo adasiya thaulo. Adaika dzanja lawo pa bulangeti, chikhatho chili m'mwamba, ndipo amuna awo adalifungatira. Sadapinde chala chilichonse, sadadine pachikhatho, sadafunse funso. Adangoligwira.

"Nanga lero lasintha?" adafunsa mayiwo.

"Silidasinthepo. Ndidalidziwa tsiku loyamba lomwe lija. Khutu lake ndikadatha kulipanga nditatsinzina."

"Nanga zaka zonsezi, abambo?"

Adadikira mpweya ubwerere.

"Wogula ndikamupangira kapu, amapita ndi dzanja lake. Salibweretsanso. Ndikadakupangira iwe, ndikadaligwiranso ndi chifukwa chanji?"

Chikwatiraneni, a Makutu adali asanawatchulepo akazi awo kuti iwe. Mawu amenewo ndi amene adayamba kuwalasa mayiwo, tanthauzo la enawo lidafika pambuyo. Litafika, adapsa mtima ndi kulira nthawi imodzi.

"Koma munthu inu! Adakuuzani ndani kuti pamafunika chifukwa? Mukadangoligwira! Ndani akadakuletsani? Ine kumadziona wachabechabe zaka zonsezi, ine kumabisa zipsera, kani inu mukungosowa ponamizira!"

"Zimenezo sadandiphunzitse. Adangondiphunzitsa dongo."

"Ndiye ine n'kukumanani miyezi yonse ija. Kalanga ine, miyezi yonse ija!"

"Basi, usalire. Labwera."

Sadalichotsenso dzanjalo, kupatula pokatunga madzi ndi pokanyowetsa chiguduli chija ku shedi. Nthawi zina a Makutu ankatsegula maso n'kunena kuti akangopezako mphamvu apita akaike khutu, ndipo akazi awo ankavomera kuti inde, mukapezako mphamvu. Sabata isanathe adatisiya, masana, dzuwa likuswa mtengo.

Anthu adadzaza pakhomo. Adabwera wogulitsa nyama, adabwera a ku tiyirumu onse ndi mayi wawo, adabwera mlaliki, ndipo tsiku limenelo chala chake chidapuma. Pakati pa zonsezo, m'mawa uliwonse mayi a Ng'anjo ankazemba n'kulowa m'shedi, kuviika chiguduli m'ndowa, kuchifinya, n'kufunditsanso kapu ija. Sankaivundukula kuti aione. Ankadziwa bwino lomwe kuti woika khutu kulibe, koma ankaona ngati akalola dongolo kuti liume, ndiye kuti avomera.

Anthu atabalalika, mwana wawo atabwerera kwa mwamuna wake, wokonza njinga adawapeza m'shedimo.

"Achemwali, dongo silidikira. Mukapitiriza kulinyowetsa libwerera kukhala matope. Mukalisiya liuma, khutu silidzamatikanso. Ine ndidawaonerera alamu nthawi zambiri. Bwanji ndiyese?"

"Yesa kaye pambali tione."

Adapinda malaya, adatenga dongo, adalinyamula m'mwamba n'kuyamba kukama. Loyamba lidaduka. Lachiwiri lidatuluka lopindika, lonenepa uku, lowonda uku.

"Limenelo ndi khutu kapena mchira wa mbuzi?"

"Ndi khutu la munthu amene adamenyedwa, achemwali."

Mayiwo adaseka, koyamba chichitikireni maliro, ndipo kusekako kudathera m'misozi. Mlongo wawo adayesanso, ndipo lachitatu lidaoneka ngati khutu ndithu, loti munthu n'kugwira. Adalitambasulira kwa achemwali ake kuti aone ngati zala zikulowa. Iwo adaliyang'ana nthawi yaitali osalikhudza.

"Wayesetsa, mlongo wanga. Koma lisiye. Khutu la kapu iyi lidapita ndi mwini wake."

Adachotsa chiguduli chija okha n'kukachiyanika pa waya.

Pa mathabwa padali patatsala makapu ena osawotcha, omaliza amene a Makutu adaumba asanagwe, ena a makutu opendama aja. Zonse zitauma, mayi a Ng'anjo adawaviika m'mankhwala owalitsa monga mwa masiku onse. Yawo adangoithira mkati mokha kuti isamadonthe. Adasanja ng'anjo, kapu yopanda khutu ili pakati, adamata pakhomo, adayatsa moto. Tsiku limenelo msewu wonse udaona utsi ukukwera kumathero kuja, ndipo anthu ankaima pakhomo pawo n'kumauyang'ana. Udali utsi womaliza.

Eni makapu adabwera kudzatenga, ndipo palibe amene adadandaula za khutu lopendama. Shedi idatsekedwa ndi waya. Masiku ano kapu ikasweka mumsewu uno, munthu amatola zidutswa zonse n'kuzisunga m'kabati, kenaka amakagula ina kusitolo, kumene wogulitsa amakupatsa akuyang'ana kwina. Alipo anthu muno, okalamba, okhala okha, amene adazindikira mochedwa kuti munthu womaliza kuwagwira dzanja mosathamanga adali a Makutu. Tikamadutsa kumathero kwa msewu timangodutsa, manja ali m'matumba. Tawasowa, ndipo palibe mawu ena oti tinenere.

Mayi a Ng'anjo sadamwere m'kapu yawo tsiku limene idatuluka. Adaiika pa tebulo n'kumaizungulira masiku angapo. Kenaka m'mawa wina, mlongo wawo atabwera kudzawazonda, adafulula tiyi, adamuthirira iye m'kapu yake, yawo n'kuidzaza mpaka m'milomo. Adakhala pakhonde. Dzanja lidapita lokha kukafuna pogwira, lidapeza palibe, ndipo adachita kuifungatira ndi manja onse awiri.

Pamenepo zala zawo zidakumana ndi mizere.

Makapu onse a a Makutu adali osalala kunja, chifukwa akamaliza kukweza khoma ankalisalaza ndi kathabwa. Tsiku lija mphamvu zidawathera asanafike pamenepo. Kapu iyi idatsala ndi mizere yozungulira kuyambira pansi mpaka kukamwa, njira zimene zala zawo zidadutsa dongo likadali lofewa, ndipo moto udaziumitsa momwemo. Zala za mayi a Ng'anjo zidagwera m'mizeremo, chala ndi mzere wake, chala ndi mzere wake.

Nthunzi inkakwera. Wokonza njinga adaona zikhatho za achemwali ake zikufiira.

"Achemwali, ikuwotchani imeneyo. Taiikani pansi, dikirani izizire kaye."

Mayiwo adapukusa mutu, misozi ikutsika, manja akufinyabe.

"Kudikira ndidadikira kale," adatero, ndipo sadaisiye.